Njoka za Tadala ndi Phwando la Banja

Lolemba, bambo wa kusitolo ya njoka ku Alexandria, pafupi ndi Washington, anandilonjeza kuti tinjoka ta mwana wanga tiyamba kudya pofika Lachitatu. Lachitatu anati Lachisanu. Lachisanu anati ndidikire kaye tifundule, ndipo anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala: "Relax, sir." Malonjezo atatuwa ndinawalemba mu fayilo, pokonzekera kalata ya madandaulo. Kalatayo sinapite. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi, ndipo ndikuchiulula ndekha mkazi wanga asanachifikitse kutchalitchi.

Ndine munthu wophunzira. Ndinagwira ntchito zaka zambiri kubanki ina yaikulu mu Washington muno, ndipo chipumireni pantchito, palibe ofesi yondilakwira imene sinalandireko kalata yanga. Mwana wanga Tadala, amene ndi namwino, amaweta njoka zotchedwa kingsnake. Inde, mwana wa Mmalawi. Nkhani imeneyo tinakangana kale, ndinagonja.

Mazira a njoka yake anaswa kutatsala masiku awiri kuti apite kumudzi kuchinkhoswe cha msuweni wake. Anafika kwathu ku Greenbelt ndi timabokosi titatu, kalikonse muli kanjoka kotalika ngati pensulo.

"Adadi, chonde. Njokazi zikangoyamba kudya, zapulumuka. Zikakana, zifa. Zonse ndalemba papepala ili, ndipo mbewa zili mu freezer."

"Iwe, ukundiphunzitsa ine za mbewa? Ndinakumba mbewa ku Dedza amayi ako asanandidziwe!"

Pepalalo analimata pafiliji. Sindinaliwerenge.

Tinjoka tinafundula, koma kudya ayi. Ndinaika kambewa kakhanda m'bokosi lililonse, ndinakoka mpando, ndinavala magalasi, n'kukhala pomwepo maola awiri tochi ili m'manja, pakuti kwathu mlendo sumusiya yekha ndi mbale. Tinjoka tinabisala.

"Bambo a Tadala," anatero mkazi wanga Nabanda, "inuyo munthu atakuunikani ndi tochi pakamwa, chakudya chingatsike?"

"Mayi, nkhani ino ili ndi fayilo. Musaisokoneze."

Ndinalilingalira vutolo mwadongosolo, ndipo ndinapeza kuti cholakwika ndi kaphikidwe. Mbewa yaiwisi, yopanda mchere, angadye ndani? Ndinaziwiritsa ndi mchere n'kuziwamba pang'ono mu uvuni, monga timachitira kwathu. Nyumba yonse inanunkhira ngati m'mbali mwa msewu wa ku Dedza. Tinjoka sitinatulutse n'komwe lilime.

"Mbewa zopanda ubweya ngati zimenezi, ngakhale ine ndikanakana," anatero Nabanda.

Ndinaimbiranso bambo wa kusitolo uja, mawu anga ali okwera. Anandiuza kuti kanjoka kalikonse kakhale pakokha, mumdima, ndipo ndileke kusuzumira. Apa m'pamene mtima unandiwira. Ndinati amenewa ndiwo matenda a dziko lino! Mwana chipinda chake, mbale yake, foni yake. Nkhalamba ku nursing home. Tsopano akufuna kuti ndi njoka zomwe zikhale za m'ma apartment? Ana obadwa tsiku limodzi! Kwathu mwana wokana chakudya umamukhazika pakati pa anzake. Akaona dzanja la mnzake likupita m'mbale, njala imabwera yokha.

Lamulungu m'mawa ndinatenga beseni lochapira, ndinaikamo tinjoka tonse titatu, mbewa pakati, n'kuvundikira bwinobwino. Tinapita kutchalitchi, komwe ndinapempherera umodzi wa mabanja.

Titabwerako ndinavundukula. Mbewa zonse zinalipo. Njoka zinali ziwiri.

"Yathawa!"

Ndisanamalize kukuwa, Nabanda anali ataima kale pamwamba pa sofa, chikwama cha kutchalitchi chili m'khwapa. Ine ndinakwawa ndi suti yanga ya Lamulungu, pansi pa bedi, kuseri kwa TV, mpaka m'nsapato za alendo. Mawondo a munthu wopuma pantchito anali kulira ngati chitseko chakale.

"Bambo a Tadala," anatero Nabanda akuloza m'beseni, "kameneko kanali konenepa choncho m'mawa muja?"

Kanjoka kamodzi kanali katatupa kuyambira kukhosi mpaka kumchira, kali phee ngati mlendo amene wamaliza nkhuku yonse. Pakamwa pake panali kutulukira kansonga ka mchira wa m'bale wake.

Totsalato ndinatibwezera msanga m'mabokosi, kenako ndinapita pafiliji. Mzere woyamba wa pepala la Tadala unali wa zilembo zazikulu: OSAZIIKA PAMODZI. ZIMADYANA. Ine, munthu amene ndavutitsa maofesi a mzinda uno kuti chilichonse chizikhala cholembedwa, ndinali kudutsa papepala limenelo kasanu patsiku pokatenga mkaka.

Posakhalitsa Tadala anaimba foni kuchokera kumudzi, kumbuyo kukumveka nthungululu.

"Adadi, zayamba kudya?"

"Imodzi yayamba."

"Zoona? Thank God! Yamaliza kambewa konse?"

"Yadya mokwanira, mwanangu."

Nabanda anandilanda foni. "Yadya mng'ono wake, mwanawe! Abambo ako anakonza phwando la banja!"

Kenako mwana wanga, amene anakula akumva makalata anga akuwerengedwa patebulo, anayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse pamalo pake.

"Adadi, mufotokoze tsiku, nthawi, ndi chifukwa chimene simunawerengere pepala lija. Ndikufuna yankho lolembedwa pofika Lachisanu."

Yankholo ndi limeneli, ndipo lafika pa nthawi yake.

Kudyera mbale imodzi n'kwabwino, koma yambani mwafunsa kuti ndiwo ndi ndani.