Mkamwini Wamanyazi Pansi pa Madzi

Aise, anyamata a ku Zolozolo, amene akufuna kutsutsa atsutse, koma ine ndinalowapo m'nyanja ndi botolo la mpweya kumsana. Za kampango wamkulu ngati minibasi uja ndinakuuzani kale. Zimene sindinakuuzeni n'zakuti ndinatsala pang'ono kubwerera ku Mzuzu nditagona chagada.

Ine ndili ndi matenda a shuga, ndimadzibaya jakisoni m'mawa uliwonse. Ndikabaya ndiyenera kudya, apo ayi shuga amatsika, mwana wa munthu n'kuyamba kunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa. Koma Tawonga, mtsikana wa ku Katoto amene ndinkamufunsira, ndinamubisira. (Iye ndinamuuza kuti ndimanyamula zitsulo. Zitsulo zake ndi ndowa ya amayi.)

Asibweni ake a Tawonga, amalume kwa inu akumwera, amaphunzitsa anthu kusambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay. Loweruka lina Tawonga anati tipite. Ndinadzuka, ndinabaya, koma phala ndinalisiya. Ndinali nditaona pafoni kuti zovala zosambirira n'zamphira zothina, ndipo mimba yangayi ilibe chinsinsi. Ndinangoponya maswiti m'thumba.

Mu minibasi tinakhala ndi mayi wina wa ana atatu. Nditangosenda switi imodzi, maso onse pa ine. Udya bwanji wekha, chibwenzi chikuona? Ndinagawa onse, mpaka kondakitala analandira.

"Yewo chomene, adada," anatero mayi uja.

Tawonga anamwetulira. Ndinadzimva ngati phungu wa dera.

Titafika, akazi awo a asibweni anatulutsa tiyi ndi chinangwa chofuka nthunzi. Mimba yanga inayamba kwaya. Koma mkamwini wamawa angalumphire mbale tsiku loyamba?

"Tadyani, ada."

"Yewo amama, ndakhuta chomene."

Ndinkadikira kuti andikakamize kachiwiri, ndivomere mwaulemu kachitatu, monga timachitira anthu oleredwa bwino. Iwo anangovundikira mbale n'kulowa nayo m'nyumba. Kunyanja sanyengerera mlendo, aise.

Kenako asibweni, akundimanga malamba, anafunsa: "Muli ndi vuto lililonse m'thupi? Mphumu, mtima, shuga?"

Tawonga anali pomwepo.

"Ine? Ngakhale chimfine chimandiopa."

Botolo lija n'lolemera ngati thumba la simenti, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukumeza mapazi. Kashuga kotsala kanathera panjira yomweyo. Titalowa m'madzi, milomo inachita dzanzi, manja anayamba kuvina okha, nsomba imodzi ndikuiona zitatu. Choopsa chake, m'madzi thukuta sulimva, umangoti mwina n'kuzizira. Asibweni akundifunsa ndi manja ngati ndili bwino, ine ndikungowayang'ana ngati mbuzi yoona sitima. Anandigwira palamba n'kundizula.

Ndili gone pamchenga ndinamva Tawonga akukuwa: "Ali ndi shuga ameneyu! Bweretsani uchi!"

Uchi utalowa, ndinatsegula diso limodzi. "Umadziwa?"

"Mlongo wako anandiuza kalekale. Ndimayesa wadya kwanu, chitsiru iwe."

"Nanga iwe unakhaliranji chete akundinamiza?" asibweni anamukalipira.

"Ndimati ndisamuchititse manyazi."

"Manyazi! Manyazi amenewa akanatigulitsa bokosi lero." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ada, odwala shuga ndimalowa nawo bwinobwino. Amandiuza, timayeza kaye, amadya, zotsekemera timanyamula. Koma wabodza sindilowa naye."

Ndinavomera zonse ndi mutu, pakamwa pali nda nda nda ndi uchi.

Tsopano poti tafika apa, ndinene basi. Pansi pa nyanja pamene ndimakuuzanipo, madzi ake anali olekeza m'chiuno. Tinali titagwada, phunziro loyamba. Pambali panga amayi ena ankatsuka mapoto, sanasiye n'komwe. Ndipo wamkulu ine, ndevu zonsezi, ndinakhazikidwa pamkeka nditafundidwa chitenje, n'kumwetsedwa phala ndi supuni, ndikuitana amama anga. (Chithunzi chilipo. Chili ndi Tawonga. Musamupemphe.)

Pobwerera ndinalimba mtima n'kumufunsa yankho langa. Anati adzandiyankha tsiku limene ndidzamalize mbale yonse pamaso pa asibweni ake, n'kupempha yowonjezera.

Ndapitako kawiri. Mbale yoyamba ndimamaliza. Koma kupempha yachiwiri kwa apongozi, aise, pakamwa pamakana.