Masitampa a Atsibweni M'pulasitiki

Mukandiona ndikupalira kachewere m'munda wa apongozi kuno kwa Kaphuka, musaganize kuti kwathu kulibe malo. Malo alipo ku Mphunzi, njerwa ndinaotcha kalekale moti pano zamera udzu. Chandikhalitsa pa chikamwini ndi timapepala tochepa ngati chikhadabo.

Kuti nditenge mkazi wanga, amake Tadala, kupita naye kwathu, woyenera kuvomera chitengwa ndi atsibweni ake, aMbewe, mphunzitsi wopuma ntchito. Mkuluyu samwa, sasuta, za mpira alibe nazo ntchito. Mtima wake wonse uli pa masitampa, ndipo amawasunga m'buku lalikulu la timatumba, kuwagwira ndi kachitsulo kopanira. Tsiku lina anandiitana kuti ndione.

"Awa ndi odinda, anayenda pa makalata," anatero. "Abwino ndi amene chidindo sichinaphimbe chithunzi, komanso mano a m'mphepetewa ali onse. Koma awa," anatsitsa mawu ngati tili pa Misa, "sanayendepo. Ali monga anatulukira ku positi ofesi."

Ananenanso zina zokhudza kumbuyo kwake, koma ine ndinali kalikiliki kugwedeza mutu (mkamwini wofuna chitengwa amavomera asanamve n'komwe funso).

Mvula itafika pachimake, aMbewe anapita ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni ya maso. Ponyamuka anandipatsa bukulo ndi manja awiri. "Nyumba yanga ikudontha, akamwini. Sungani pouma. Ndikabwera tikambirane nkhani yanu ija."

Nkhani yanu ija! Ndinaona kale lole itanyamula katundu wathu.

Koma pouma ku Dedza kuno ndi pati? Nkhungu imalowa mpaka m'sutikesi. Nditatsegula bukulo tsiku lina, ndinapeza masitampa ena osadindawo ayamba kupindika m'makona. Mkazi wanga anati, "Abambo a Tadala, tsekani bukulo mulisiye momwe liliri." Ine ndinamuyang'ana ngati munthu wosadziwa zachitukuko. Kodi pepala lofunika timalitani? Setifiketi ya sukulu, khadi ya ubatizo, zonsezi si timakazimata pulasitiki, kuja amati kulamineta? Nanga chuma cha atsibweni chizivunda ine ndikuona?

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto ulendo wa ku boma. Odinda aja ndinawasiya, ndinasankha osadinda okhaokha, amene mwiniwake amawakonda koposa (onani nzeru zanga pamenepo). Ndinawandandalika ndekha bwinobwino, mbalame ndi mbalame, nsomba ndi nsomba, mayi wa pashopu n'kuwalowetsa m'makina otentha aja. Anatuluka ali phuliphuli, olimba gwa. Nditafika kunyumba ndinathirapo madzi kuti mkazi wanga aone kuti salowa. Iye anangogwira pakamwa, ine n'kumati wagoma.

AMbewe anabwerako maso akuona bwino kuposa kale, tsoka langa. Ndinavala jekete, n'kukagwada pakhonde pawo, kupereka buku, kenako mapepala onyezimira aja pamwamba. Anatenga limodzi, kuliyang'ana, n'kulitembenuza.

"Akamwini, ulimbo uli kuti?"

"Ulimbo wake uti, bambo?"

"Wakumbuyo. Sitampa yosadinda ulemu wake wonse ndi ulimbo umenewo, wosanyambitidwa, wosakhudzidwa. Ine chiyambire sindinaikepo chala. Inu mwauwotcha." Anayandikitsa pepalalo kumaso. "Kodi angatulukemo?"

Apa munthu wanzeru akanagwa pansi n'kupepesa. Ine ndinati, "Atuluka bwinobwino, bambo, musadandaule."

Ndinayamba ndi lezala. Pulasitiki inatseguka ndithu, koma chithunzi cha mbalame chinatsalira mbali ino, pepala loyera mbali inayo. Ndinayesa nthunzi ya ketulo, nsomba zinasungunuka mtundu n'kusanduka phala. Pomaliza ndinatenga simbi ya makala, poganiza kuti chomatidwa ndi moto chimamatuka ndi moto. Fungo lake anthu analimva mpaka kuchigayo. Mkazi wanga anakhala pamphasa, akundiyang'ana, misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira masitampa kapena Mphunzi.

Ndinabweza zotsalazo m'jumbo. AMbewe sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoziyala patebulo n'kumazisalaza ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga timachitira ndi nsalu ya pamaliro. Ndinamva chisoni chenicheni, pakuti mkuluyu anayamba kusonkhanitsa zimenezi tsitsi lisanachite imvi, ndipo zina sizipezekanso. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Titakolola, ndinalimba mtima n'kutuma ankhoswe anga kuti akakumbutse za chitengwa. Anabwerako atanyamula kanthu m'thumba la malaya. Inali sitampa imodzi yokha imene inapulumuka lezala ndi simbi, ikadali m'pulasitiki mwake, aMbewe ataidula bwino m'mbali ndi sizasi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti mwana wawo sangamupereke kutali kwa munthu amene akauzidwa kuti sunga, amawotcha. Akuti muzikhala pompano, pamene maso awo atsopanowa akukuonani." Ankhoswe anatsokomola. "Iyi akuti ndi yanu. Sinayendepo, ndipo siidzayendanso."

Ndimaisunga m'chikwama, pambali pa chiphaso changa. Ndikapuma pa mzere wa kachewere ndimaitulutsa, kuyang'ana kambalame kali m'katimo, kenako kuyang'ana mapiri a kwathu. Kunena zoona, mvula yonse ya chaka chino yandinyowetsa ine mpaka m'mafupa, koma sitampayo sinalowe madzi ngakhale dontho.