Zikhadabo pa Dzungu Langa

Lolemba

Kalata ili pa tebulo. Ndaiwerenga kanayi, sikusintha. Komiti ya madimba yati dimba langa ndi tchire. Tchire! Ati Lamulungu likudzali abwera kudzaliyendera, akalipeza lili chomwecho andilanda, apatse wina amene ali pa mzere.

Zaka zitatu ndinadikira pa mzerewo ine. Zaka zitatu ndikudya masamba a m'pulasitiki a m'mashopu a muno mu Wakefield, osamveka ndi fungo la dothi lomwe. Lero ndili ndi kadimba kanga m'kamudzi ka kunja kwa tawuni, ndikaweruka kosambitsa okalamba ndimakwera basi kukapumira kumeneko. Ndiye wina azindiuza za tchire?

Wasaina ndi a Derek, wapampando, amene dimba lawo lagundana ndi langa. Kwawoko zonse zili pa mizere ngati asilikali, anyezi payekha, kabichi payekha, pakati dothi lokhalokha. Kwanga ndadzala monga anandiphunzitsira mayi anga ku Ntcheu: chimanga, nyemba zikukwera chimangacho, maungu akuyanga pansi, bonongwe paliponse pamene wakonda yekha. Munda ndi umenewo. Iwo akuti udzu.

Nzeru ndaipeza. Loweruka kuli chionetsero cha zakudimba cha m'mudzimo, m'tenti yaikulu. Wopambana amalandira khadi lofiira, kuno ndilo la nambala wani. Ndilitenge, ndilikhome pa chitseko cha kashedi kanga kosungiramo makasu, Lamulungu a Derek adzaliwerenge ndi magalasi awo omwe. Tchire limapambana mpikisano?

Ndalembetsa:
dzungu limodzi, langa lija, lalikulu ngati mtsuko, lopanda ndi kachipsera komwe
zimanga zitatu zofanana
zitheba zisanu ndi zinayi
bonongwe, m'gulu la "ndiwo zina zilizonse"

Kabuku ka malamulo kakuti chilichonse chikhale chosalala, chopanda chilema. Adzaona!

Lachiwiri

Bonongwe kulibe.

Ndafika kudimba masana, ndaima pa geti, ndikuganiza kuti ndasochera. Pansi payera mbee. Pakati pa chimanga pagwada gogo Pauline, a dimba la mbali inayo, nkhope ili psuu, akumwetulira. Anamva za kalata ija, mtima unawawawa, ndiye alawirira kudzandipalirira.

"Udzu wonse ndakuchotsera, love. Derek asakuvutitsenso."

Maola atatu chogwada, ndi chiuno chawo chachitsulo chimene anawaika kuchipatala. Abweretsanso keke.

Ndafunsa komwe ataya. Akuloza dzala la manyowa la tonse, kuseri kwa mpopi. Ndathamangirako. Bonongwe wanga ali pansi, ndi uja ndinamusiya dala kuti akhwime ndipeze mbewu, pamwamba wina wakhuthulapo kale wilibala ya zitosi za nkhuku.

Ndipo pakamwa panga patuluka chiyani? "Zikomo kwambiri, a Pauline." Zikomo! Ndinachita kupinda ndi bondo lomwe. Ulemu umene anatiphunzitsawu udzatipha. Keke ndadya, inali yokoma, ndipo zimenezo zandikwiyitsa kwambiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zatsala zitatu.

Lachitatu

Mlandu ndi wanga. Lolemba usiku ndinalemba pa gulu la mpingo la pa foni, ndinati abale mundikumbukire, ndili ndi dzungu likupita ku mpikisano. Ndani anandituma?

Lero sindili pa shifiti. Ndikuthirira mwamtendere, ndikumva galimoto. Akutsika mayi Nyirenda, anesi a kuchipatala chachikulu, apampando a amayi kutchalitchi kwathu. Pambuyo pawo amayi anayi.

"Tabwera kudzapempherera dzungu."

Aliyense jumbo m'manja. Pemphero la majumbo ndaliona lero.

Sisi Mutinta, wa ku Zambia uja timagwira naye ntchito, wangoona masamba a maungu wakuwa, "Chibwabwa!" ngati wakumana ndi mbale wake pa eyapoti. Ena akuti nkhwani, iye akuti chibwabwa, manja onse ali m'masamba. Ndinene chiyani? Munthu akakupeza pa dimba sumubweza chimanjamanja, ndi mmene tinakulira. Ndangoti, "Thyolani pang'ono." Pang'ono pa amayi asanu amene sanalawe nkhwani chichokere kumudzi! Athyola nsonga, athyola maluwa, athyola tiana ta maungu. Zitheba akuti zikhwima pachabe. Mayi Nyirenda akundisisita phewa, "Kupatsa ndi kuika, mayi." Kuika kuti? M'firiji mwanu?

Kenako azungulira dzungu. Ati ha, koma ili ndi dalitso. Ndisanatsegule pakamwa, mayi Nyirenda awerama, chala chachikulu, tsini!

Kwathu dzungu sulifunsa. Umalitsina ndi chikhadabo, chikalowa ndi lanthete, chikakana lakhwima. Aliyense amadziwa, ndipo palibe amakhulupirira chikhadabo cha mnzake. Ndiye tsini, tsini, tsini, tsini. Mutinta zake ndi zogula, zazitali, zofiira.

"Lakhwima, mayi, musadandaule."

Ndinadandaula ine? Ndinafunsa?

Apemphera mphindi ziwiri, anyamuka majumbo ali tho. Zipsera zisanu pa dzungu. Zitheba zatsala zinayi, zopindika ngati mbedza. Ndazifufuta pa mndandanda.

Lachinayi

Shifiti ya maola khumi ndi awiri. M'mawa ndawatuma amuna anga, bambo a Tadala, ndawauza bwinobwino pa khomo: mukathirire basi. Osakhudza kanthu. Zimanga zitatu ndi za chionetsero. Ati, "Ndamva, mayi, ine si mwana."

Nthawi ya tiyi foni yalira. Chithunzi. Bambo a Tadala ndi anzawo a Phiri, ogwira nawo ntchito kosungira katundu, akhala pa zidebe kutsogolo kwa shedi yanga, pakati mbaula, pa mbaula chimanga changa. Onse mano ali pamtunda. Pansi alemba kuti, "Ngati kumudzi!"

Ndinali nditagwira kapu ya agogo ena osamva. Ndaiika pansi mofatsa. Ndalowa m'chipinda chochapira, ndatseka chitseko, ndawaimbira.

"Koma munati mukufuna zitatu, tasiya zitatu."

Ndaweruka, ndadutsira komweko kukaona zitatuzo:
china chachifupi ngati chala
china mano ogweluka ngati mwana wa sitandade wani
china anachisenda kuti aone ngati chakhwima, n'kuchibwezera makoko ngati sindidzazindikira

Zokongola zonse zili m'mimba mwa a Phiri.

Ndapita pa dzungu. Ndawerenga. Zisanu ndi zinayi! A Phiri kawiri, bambo a Tadala kawiri. Ati koyamba sanamve bwino. Ndawafunsa ngati dzungu likuyenera kukhwima tsiku lililonse mwatsopano. Ati ndikukuza nkhani, ndi dzungu chabe.

Dzungu chabe. Dimba langa lapachikika pa dzungu chabelo, ndipo munthu amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo sakuona vuto. Lero adya buledi.

Latsala dzungu lokha.

Lachisanu

Kudimba silikhalanso. Ndalidula, ndalibereka kumbuyo ndi chitenje, ndakwera nalo basi. Dalaivala wadikira kuti ndikhale pansi kaye asananyamuke, mayi wina wandipatsa mpando, wasuzumira kuti aone mwana. Waona dzungu, watembenukira kuwindo. Ndilibe nazo ntchito.

Kunyumba ndalisambitsa ndi kansalu konyowa. Ndaganiza za Vaselini, kabuku kakuti mafuta aliwonse ndi oletsedwa. Ndaliyeza mbali zonse, ndapeza kuti zipsera zonse zili mbali imodzi. Mulungu ndi wabwino! Mbali imeneyo iyang'ane kukhoma la tenti, oweruza aone mbali yosalala. Ndalikhazika pa mpando wa pakona, mbali yoipa kukhoma, ndamata pepala: OSATSINA.

Faifi koloko belu. Ndinaiwaliratu kuti mapemphero a pa Lachisanu sabata ino ali kwathu. Anthu khumi ndi awiri m'kachipinda kochezera, nsapato mulu pa khomo, ine kukhitchini ndi mandasi.

Ndikumva akuseka. Wina akuwerenga mokweza, "Osatsina!" Wina akuti, "Chifukwa chiyani, ndi lanthete?" Ndathamanga ndi chipande m'manja. Mochedwa. Pepalalo ndi limene lawaitana. Ndipo atsina mbali iti? Yosalala, poti ndi imene inawayang'ana.

Abusa ati tiyeni tilisanjike manja. Onse atsinzina. Ine ayi, ndatsinzina diso limodzi. Ndaona ndi diso langali chala chachikulu cha abusa chikutsetsereka pang'onopang'ono, pa "m'dzina", tsini, pa "ameni" chabwerera.

Potuluka andigwira dzanja, "Lakhwima, mayi. Chipambano ndi chanu."

Ambuye, ndigwireni pakamwa. Ndasiya kuwerenga pa makumi awiri.

Loweruka

Eyiti koloko ndili m'tenti. Matebulo a nsalu zoyera. Anyezi akhala pa timphete, nsonga zomangidwa ndi ulusi. Karoti wosambitsidwa kuposa okalamba anga. Anthu akunong'onezana ngati pa maliro, wina akupukuta tomato ndi thonje. Palibe akukhudza cha mnzake. Manja onse kumbuyo.

Ndaika langa. Ndalitembenuza uku, ndalitembenuza uko, kulikonse likuoneka ngati lachira nthomba.

Pambali pake pali la a Derek. Lalikulu kuposa langa, lonyezimira, akhazika pa kapilo. Pauline akundinong'oneza kuti a Derek sanagonjepo pa maungu chiyambire iwo kubwera kuno. Ndaliyang'ana. Mtima ukuti ili ndi madzi okhaokha ili, anangolipopa ndi feteleza, silinakhwime. Ndaliyang'ananso.

Sindikudziwa kuti zachitika nthawi yanji. Ndikulumbira. Ine, amene ndakalipira mpingo wonse mumtima sabata yathunthu. Dzanja lapita lokha.

Chikhadabo chalowa chonse. Phwi! Timadzi tikutsika.

Ndatembenuka, a Derek ali pambuyo panga ndi kapu ya tiyi. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Ayang'ana dzungu, ayang'ana chala changa, afunsa motsitsa mawu, "Mwachita chiyani?"

Ndikanapepesa. Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndati, "Silinakhwime."

Ndipo silinakhwimedi!

Atitulutsa tonse kuti oweruza agwire ntchito. Maola awiri ndakhala pa benchi panja, palibe wandiyandikira kupatula Pauline, ndi keke inanso.

Zotsatira:
khadi lofiira, Pauline, ndi kadzungu kawo kosalala ngati dzira
lachiwiri, a Derek, ndi mawu akuti "chilema chimodzi chatsopano, zachisoni"
ine, palibe khadi, kapepala kokha: "Lokhwima bwino kwambiri, koma laonongedwa ndi makoswe kapena mbalame."

Makoswe. Kapepalako ndakajambula, ndatumiza pa gulu la mpingo popanda kuwonjezera liwu. Mayi Nyirenda ayankha kuti, "Pepani mayi, makoswe a kuno ndi oipa."

Ndalibereka dzungu langa, ndabwerera pa basi yomweyo. Dimba lapita, ndikudziwa. Ndalira pang'ono pa siteji, chifukwa cha mkwiyo, osati china.

Lamulungu

Tikuweruka kutchalitchi ndapita ndekha kudimba kukatenga zanga. Khasu langa lija ndinabwera nalo m'sutikesi sindingawasiyire. Podikira ndazula mapesi, ndakoka mitsitsi ya maungu yopanda masamba ija, ndasesa. Wolowa asadzanene kuti Mmalawi anasiya nyansi.

Thuu koloko a Derek afika ndi anzawo awiri a komiti, mapepala m'manja. Sanandipatse moni wa dzanja. Ayenda kuchokera ku geti mpaka ku shedi. Bonongwe palibe. Nkhwani palibe. Chimanga, nyemba, palibe. Dothi lokhalokha kuchokera uku mpaka uko, ngati bwalo la sukulu.

Agwedeza mutu. Achonga pa pepala.

"Apa ndiye mwayesetsa. Dimba lizioneka chonchi."

Sandilanda. Ati ndipitirize momwemu, ndipo chaka chamawa ndikadzabwera ku chionetsero manja ndidzaike m'matumba.

Ndiye ndi zimenezo. Pamene munali chakudya linali tchire. Lero mulibe ndi tsamba limodzi loti munthu atendere, ndayamikiridwa ndi anthu atatu. Ndati zikomo. Bondo lapindanso lokha.

Dzungu taphika madzulo ano. Onse olitsina abwera, palibe amene ndinamuitana. Ndi lotsekemera, laufa, abusa atenga kawiri. Bambo a Tadala akuti, "Sitinanene kuti lakhwima?" Ine ndatopa.

Chimodzi chokha ndilembe ndisanatseke. Ndikutseka geti masana aja ndinaona a Derek kuseri kwa mpopi, akudzaza wilibala pa dzala la manyowa la tonse, pomwe paja Pauline anataya bonongwe wanga ndi mbewu zake zomwe. Anapita nayo kwawo, akumwaza bwinobwino pa mizere yawo ya anyezi. Anabwereranso kachiwiri, kachitatu.

Ndinatsegula kabuku ka malamulo pa basi, ndinawerenga konse. Palibe pamene pakuti ndiwauze.