Sabata Imene Anaphiri Onse Anasanduka Mmodzi

Lolemba, 10 Novembala
Amake Tadala andidzutsa ndi lamulo: Lachisanu ndiwaperekeze kusikelo, poti obwera ndi amuna awo sakhala pamzere. Koma Lachisanu lomwelo tikugawa mbewu ya soya kukopaletivi kuno ku Mitundu, ndipo kompyuta yathu ikamafufuza dzina limodzi utha kukazinga chimanga mpaka kupsa. Tidzaweruka madzulo.

Lachiwiri
Ndaimbira alamu a ku Joni, amene anakonza pulogalamuyi. Akuti mayina ali bwinobwino m'nkhokwe, iwo akuti detabesi. Chaulesi ndi kachigawo kamene kamapita kukawatapa. "Kakopereni, mupatse AI yocheza nayo pafoni ija ikulembereni khodi yatsopano, ndiye kuti malangizo a kompyuta. Koma zakale muyambe mwasunga pa fulashi." Ine wa Sitandade 7, khodi! Zofunika:
- bandulo
- fulashi
- kulimba mtima

Lachitatu
Chimamva Chichewa chinthuchi! Ndachiuza kuti: fulumiza, ndipo dzina likabwerezedwa lizioneka kamodzi. Chalemba, ndamata pamene ananena alamu. Dzina likutuluka ndisanachotse chala! Apampando akunditcha injiniya. Tikalawirira kugawa, kusikelo ndikafika.

Lachinayi
Abwera Anaphiri a ku Nathenje kudzaona dzina lawo. Kompyuta ikuti munda wawo ndi waukulu ngati kuchoka kuno kukafika ku Diamphwe. Mayo! Amayi ambiri tinangowalemba ndi mfunda, nanga dzina lenileni la munthu wamkulu ungalitchule? Tsopano Anaphiri onse asanduka mmodzi. Anabanda mmodzi. Anankhoma mmodzi.
"Ndiye matumba onsewo ndi anga, mwanawe?" Atuluka akufunsa za ngolo.
Ndikuti ndikonze, magetsi thii.

Lachisanu
Pabwalo Anaphiri okhaokha, aliyense akudziloza pachifuwa. Ndabwezeretsa zakale za pa fulashi, ulesi uja wabwerera nawo. Apampando asiya za injiniya. Amake Tadala apita okha, akhala kumapeto kwa mzere, dzuwa lili pamutu.

Loweruka
Kunyumba mawu akudzera mwa mwana. "Tadala, uwauze bambo ako kuti wakwera sikelo popanda iwo." Mwana wa miyezi inayi akungoyamwa chala.
Ndabwerera kwa AI, ndafotokoza za mfunda bwinobwino. Yandifunsa: palibe china chowasiyanitsa? Mudzi! Nambala ya foni! Chinthuchi sichinalakwe, chinachita zimene ndinachituma. Khodi yatsopano ndayamba ndayesera pa kope lapadera. Liwiro lilipo, ndipo Naphiri aliyense wabwerera m'munda mwake.

Lamulungu
Liwiro lapezeka mbewu itagawidwa kale. Basi, lidzathandiza pogula soya. Anaphiri a ku Nathenje sanandiyankhe moni kutchalitchi.
Amake Tadala ayankhula okha lero. Akuti mwezi wamawa mwana ndikabereka ine, ndipo nyimbo za kusikelo ndikaimba nawo, m'manja ndikuomba. Ndavomera. Chitenje ndayesa kale, mfundo ikumasukabe, koma mwezi ndi wautali.