Tsiku Limene Ndinameta Nkhosa ya Ada Manda

Nkhani iyi ndimaibisa, koma poti pa Chintheche ngakhale akabaza amaidziwa, bola muimve kwa mwiniwake. Ndi yamanyazi, ndipo ikandibwerera mtima umandiwawa mpaka lero.

Ine ndine Yona, wometa tsitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma kashopu kanga kali m'mbali mwa msewu pa Chintheche. Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi Tiwonge, mwana wa Ada Manda a ku Kande, mkulu wa mpingo, munthu woseka kamodzi pamwezi. Amalume anali atapitako kale kukandifunsirira ukwati, Ada n'kuyankha kuti, "Timuone kaye mnyamatayo." Ndiye ine ndinkangofunafuna poonekera.

Lachiwiri lina mu Okotobala ndinapita ku Kande. Dzuwa lake, eee! Ada ndi Ama anali kumsonkhano wa mpingo, pakhomo panali Tiwonge yekha akuyanika chinangwa.

Pansi pa mtengo wa mango panali nkhosa yamphongo, ubweya wake ngati matiresi ong'ambika. Mwana wawo wina ndiye anawabweretsera nkhosayo kuchokera ku famu ina ku Mzimba, ndipo Ada ankaiwerengera kuti idzasintha mtundu wa khola lonse. Inkapuma wefuwefu.

"Tiwo, chiweto ichi chikufa ndi kutentha."

"Imapuma choncho masana onse. Isiyeni, Ada salola munthu kuigwira."

"Iwe, kutentha ndimakudziwa ine! Mwezi uno makasitomala amalowa akukuwa kuti, 'Bwana, mpala!' Potuluka amakhala akumwetulira."

"Imeneyo ndi mitu ya anthu, a Yona."

Ndinamva? Ayi ndithu. Makina anga otchaja anali m'chikwama. Ndinati ndingochepetsa m'khosi mokha, ikhale surprise kwa Ada.

Koma wometa ali ndi matenda ake. Mbali ina inapitirira, ndinati ndifananize. Nditafananiza, inayo inaoneka yaitali. Ndinachotsa kachipeso kotetezera kaja kuti ndiwongole mzere. Pomwe batire imatha, nkhosa inali psiti, kuyambira m'khosi mpaka kumchira, khungu lotuwa pamtunda.

"Mayo ine! Mwaivula!" anatero Tiwonge, manja ali kumutu.

"Dikira, sindinamalize."

Abale, apa ndiye pondichititsa manyazi kwambiri. Dzanja linangopita lokha m'chikwama, monga limachitira ndikameta munthu, n'kutulutsa botolo la sipiriti. Ndinaipaka msana wonse!

Nkhosa inalira kulira kumene sindinakumvepo, inadula chingwe, n'kudutsa pakati pa chinangwa cha Tiwonge. Tinaithamangitsa mpaka kuseri kwa tchalitchi. Titaigwira, nzeru zanga zinandiuzanso kuti pansi pa mango sipadutsa mphepo. Ndinakaimangirira poyera, pamchenga, kuti izimva kamphepo ka kunyanja. Inakhala pamenepo kuyambira 11 koloko mpaka 3.

Ada atafika anaima, n'kuvula chipewa.

"Nkhosa iyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, Ada. Ndaithandiza kutentha."

Ada anagwada n'kuika dzanja pamsana pake, n'kulichotsa msanga. Khungu linali litafiira, nkhosa ili chigonere, lilime panja. Anainyamula okha, munthu wamkulu, kupita nayo pamthunzi. Nditati ndithandize, anangoti, "Yewu, mwathandiza kale."

M'mawa mwake ndinabwera ndi mlangizi wa ziweto pa njinga yamoto. Anaizungulira kawiri.

"Wameta ndani?"

"Ndine, bwana. Ndi ntchito yanga."

"Achimwene, ubweya uja uli ngati denga la udzu. Dzuwa limathera pamwamba, khungu lili pamthunzi. Inu mwasasula denga mu Okotobala! Nkhosa yotere amaimeta kutentha kusanafike, amasiyako ubweya pang'ono, ndipo masiku oyamba imakhala pamthunzi ndi madzi pafupi. Nanga fungo ili ndi la chiyani?"

"Sipiriti, bwana."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Ada. Ada anayang'ana kumwamba.

Anaibaya jakisoni, tinaipaka mafuta, tinaifunditsa chitenje chonyowa. Masiku atatu shopu ndinatseka, ndili pakhomo paja kuingitsa ntchentche pamsana wa nkhosa. Tsiku lachinayi inafa. Ndinalira, osati zonamizira. Chiweto chija chinali chitakhala phee pamthunzi pake, osalakwira munthu.

Patapita milungu iwiri amalume anapitanso ku Kande kukapepesa ndi kukamva yankho la ukwati. Ndinawadikira pakhomo pa shopu, mtima uli m'mwamba. Anatsika minibasi akuyenda ngati achokera kumaliro.

"Amalume, akuti bwanji?"

"Za nkhosa akuti akhululuka, iwo ndi Mkhristu."

"Nanga za Tiwonge?"

"Akana, mphwanga. Akuti mwana wawo nayenso amadandaula kutentha mu Okotobala, ndiye akuopa."

Tiwonge anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Mpamba, ndipo amunawo amameta kwina.

Anzanga ometa, popita kwa apongozi makina muzisiya kushopu.