Mgodi wa Pakati pa Nthochi za Apongozi

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu wa dipuloma ya ntchito za mu labotale azule nthochi za apongozi ake pofuna chuma chimene kunalibe? Ndalisinkhasinkha kwa zaka zambiri, ndipo ndapeza kuti vuto silinali umbuli koma kudziwa pang'ono.

Ndinali nditangokwatira, ndipo tinkakhala ku Msongwe pa malo a apongozi anga, a Mhango, bambo wofatsa amene ankalemekeza mkamwini wochokera ku Zomba kuposa mmene ankayenera. Masiku amenewo nkhani ya miyala yosowa yopangira maginito amphamvu inali pakamwa pa aliyense. Tsiku lina mvula itakokolola dothi kuseri kwa nyumba, ndinaona mchenga wakuda pakati pa nthochi. Nditayandikiza maginito a mu sipika yakale, mchengawo unakakamira ngati nyerere pa shuga.

Sindinathamange (ndimanyadirabe zimenezi). Ndinayamba ndakumba pang'ono, n'kupeza dothi lotuwa lonunkha ngati adyo. Ndinakumbukira kuti kukoleji tinawerenga za mankhwala otchedwa kabaidi wa miyala yosowa, amene akasakanizidwa ndi chitsulo amakhala ndi mphamvu ya maginito, ndiponso kuti kabaidi akanyowa amanunkha. Maumboni awiri anagwirizana. Sindinadzifunse ngati zinthu zoterezi zimapezeka m'munda kapena zimachita kupangidwa m'ng'anjo.

"A mkweni, mwatsimikiza?" anandifunsa apongozi, ponditchula mkamwini m'chinenero chawo chakumpoto. "Nthochizi ndinadzala chaka chimene mkazi wanu anayamba sukulu."

"Adada, maginito sanama."

"Yewo, kumbani. Inu ndinu ophunzira chomene."

Ndinakumba masiku atatu, ndowa iliyonse ya dothi ndikuilemba nambala m'kope. Tsiku lachinayi kunadutsa a Gondwe, mkulu wa nyumba yoyandikana nafe. Anatapa dothilo, nalinunkhiza.

"Monire, a Mhango. Mkweni wanu akufuna chiyani m'dzala langa?"

Anafotokoza kuti apongozi asanagule malowo, iwo ankawotcherera njinga ndi mawilibala pomwepo. Mchenga wakudawo unali zinyenyeswa za chitsulo, ndipo dothi lotuwalo linali phulusa la kabaidi wowotcherera. (Choncho pa kabaidi ndinalondola, chinthu chimene mkazi wanga amakana kuchiwerengera.)

Ndinayembekeza kuti ulemu wanga pakhomopo watha. Apongozi anayang'ana maenjewo, kenaka anandipatsira khasu.

"Maenje alipo kale, a mkweni. Dzalani."

Sanaitchulenso nkhaniyi mpaka pamene anatisiya, kupatula kuti mkoko uliwonse wa nthochi ukapsa ankatuma uthenga wakuti mgodi watulutsa katundu. Uthenga umenewu ndimausowa mpaka lero.

Kope langa likadalipo, ndipo likunena motere: maenje asanu ndi limodzi, ndowa makumi atatu ndi imodzi, nthochi zozulidwa zisanu ndi zinayi, zophukanso zinayi. Miyala yosowa, ngakhale umodzi.