Ndikusowa Wogwira Mbali Inayo ya Panelo

Kwa Olemekezeka
Nduna Yoona za Magetsi ndi Mphamvu ya Dzuwa,
Ku ofesi yanu, kapena kunyumba kumene tamva kuti mukugwirirako ntchito masiku ano.

Bwana Nduna,

Ndagwada. Mawondo angawa anatha kale ndi malata otentha, choncho kugwada kwa ine si nkhani. Ndine munthu wamba, mmisiri woika sola pamadenga a anthu, chaka chino ndi chakhumi ndi chinayi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukapeza mawu opindika m'kalata ino, apatseni anyamata anu a mu ofesi awongole.

Ndalemba kuti ndithokoze. Koma poyamba mudziwe pamene ndakhala. Ndili pa benchi m'khonde la chipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Kuseri kwa chitseko chili kumanja kwangaku kwagona alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amenenso ndi anzanga pa ntchito. Mliri wopatsirana umene wagwa m'dziko munowu wawagwira pachifuwa ndipo akupuma ndi makina a mpweya. Makinawo amayendera magetsi, ndipo magetsi kuno amazima tsiku ndi tsiku kuyambira leveni koloko mpaka cha m'ma folo, dzuwa likuswa mtengo. Kumanzere kwangaku kwatsamira mapanelo a sola khumi ndi awiri amene unduna wanu unapereka ku chipatala chino miyezi isanu yapitayo. Akadali m'makatoni. Anamwino amayanikapo matawulo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lakuti amisiri awiri ochokera nyumba zosiyana atalikirane mamita awiri pogwira ntchito. Ndi lamulo lokongola, Bwana, ndipo amene analilemba apatsidwe tiyi wamkaka. Vuto si lamulo ayi, vuto ndi panelo. Panelo ndi yamwano. Kutalika kwake ndi mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi awiri, ndipo ndayesa kuilangiza kuti ikule, yakana. Poikweza padenga wina amagwira uku, wina uko. Ndiye mukuona, tikangoinyamula basi, taphwanya kale lamulo ndi masentimita makumi atatu. Ine sindinkadziwa kuti imfa imabisala m'kampata kameneko, ndakuthokozani ponditsegula m'maso.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha bambo wa tepi yoyezera amene munamutuma kuti aziyendera amisirife. Munthu wokonda ntchito yake uyu! Anatipeza padenga la shopu ya telala, panelo ili m'malere, natilamula kuti tiime momwemo osagwedezeka. Anakwera makwerero athu, anadzilowetsa pakati pa ine ndi alamu, chigongono chake chili m'nthiti mwanga, anatambasula tepi, anatsokomola kawiri, kenako analengeza kuti tayandikana. Atatsika ananyamula makwerero aja ngati umboni n'kumapita. Ife tinatsala pamwamba ngati nkhunda mpaka telala anatisanjikira mpando patebulo lodulirapo nsalu. Pochoka bamboyo anatilangiza kuti panelo azinyamula munthu mmodzi. Makolo ankati mutu umodzi susenza denga, koma iwo aja analibe madigiri, ndiye ndinayesa. Mphepo itawomba ndinatsala pang'ono kukatera pabwalo la aneba, ndipo msana uno ukundikumbutsabe ndikamamanga nsapato.

Chachitatu ndicho chandikhudza mtima, chifukwa chaonetsa kuti mumakonda mabanja. Lamulo lija limati anthu ogona nyumba imodzi akhoza kuyandikana. Titamva zimenezi alamu anamanga kachikwama, anasiya akazi awo ndi ana kutsidya kwa tauni, n'kudzakhala kwathu kuti boma litiwerenge ngati banja limodzi. Si ife tokha. Amisiri ambiri anachita chimodzimodzi, moti wina ndikumudziwa amagona pakhomo pa mnzake amene sanalankhulane naye bwino chiyambire chaka chatha. Kwathu zipinda ndi ziwiri, anthu tinakwana asanu ndi awiri. Mamita awiri mukanawapeza kuti? Alamu analanda mpando wanga, anavala masilipasi anga, shuga ankathira masipuni anayi, ndipo ndikati ndidandaule mayi a kunyumba ankandikumbutsa kuti iwo anadziwana ndi achimwene awo ine ndisanaoneke. Ndinapirira. Tinagwira ntchito miyezi itatu, bambo wa tepi akutipatsa moni waulemu. Kenako alamu anayamba kutsokomola. Kumene anautenga sindikudziwa, kaya m'basi, kaya m'chipinda chothinana chija, koma ndikutsimikizireni kuti sanautenge mophwanya lamulo.

Pa nkhani ya msika, ndiyamike ndithu. Ndinakumvani pa wailesi mukulengeza kuti ngakhale kuli mliri, msika wa sola m'dziko muno wakula ndi theka. Ndinaomba m'manja ndekhandekha. Pambuyo pake wina anandifotokozera kuti inu mumawerengera mapanelo pamene akulowa m'dziko, osati pamene afika padenga. Nzeru zimenezo, Bwana! Kukwera madenga n'kotopetsa. Ndipo n'zoona, msika wakula. Pitani mumsewu wathu wa mashopu a zamagetsi mukaone: mapanelo adzaza mpaka kukhomo, mwini shopu wina wagoneka imodzi pa zidebe ziwiri n'kumadyerapo, mabatire akufera m'makatoni osalawako dzuwa. Amisiri amene analibe mlamu womusamutsa akugulitsa zotseka pakamwa pa siteji ya basi. Dziko lino silinakhalepo ndi sola wochuluka chonchi, ndipo yense ndi watsopano, sanadetsedwe ndi ntchito.

Ndinali pa nambala yanji kodi? Kaya. Ndibwerere m'khonde muno.

Alamu atagonekedwa, ndinapita kwa mkulu wa chipatala n'kumuuza kuti mapanelowa ndiika ulere, mawaya ndi anga, makwerero ndabwereka. Tsiku limodzi ndi theka makina a mpweya asiya kuzima. Munthuyo si woipa, maso ake anali ofiira ndi kutopa. Anati katunduyo ndi wa boma, ndipo akalola kuti aikidwe mosatsata lamulo la unduna wanu, ntchito yake yatha. Mlonda wa pageti, bambo wa mapewa ngati chitseko, anadzipereka kugwira mbali inayo, koma amagona nyumba ina. Mwamuna wa mayi wina wodwala anadziperekanso, nayenso nyumba ina. Wa m'nyumba mwanga amene watsala wamkulu ndi mayi a kunyumba okha. Munthu amene amachita chizungulire akakwera pampando kupachika katani, dzana anamanga nsalu m'chiuno nati akwera, chifukwa amene wagonayo ndi mwana wa mayi awo. Anafika pa sitepe yachitatu, chizungulire chija chinawagwira, makwerero onse gwedegwede. Anatsika n'kukhala pansi pafumbi, kulira ngati mwana, kupepesa achimwene awo amene sankawamva n'komwe. Pamenepo sindinaseke, Bwana.

Ndinapita ku ofesi yanu kukapempha chilolezo chapadera. Pachitseko pali chipepala chakuti tizipempha pa intaneti. Ndinapempha. Yankho linabwera msangamsanga, ndikuyamikeni, lakuti pempho langa ndi lofunika kwambiri kwa inu ndipo ndidekhe. Inde, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo imakhala ikupuma yokha.

Dzulo magetsi anazima leveni isanakwane. Makina aja amalira kaye katatu asanakhale chete, ndipo kuliraku ndakuloweza. Anamwino awiri anathamanga ndi silinda imodzi ya mpweya imene yatsala, kumaisuntha pakati pa odwala atatu, uyu apumeko, uyo adikire. Ine ndinali pawindo panja, dzuwa likundiwotcha pakhosi, dzuwa laulere, lokwanira makina khumi. Alamu anandiyang'ana n'kukweza chala kuloza kudenga. Sindikudziwa ngati ankanena za mapanelo kapena za kwina. Ndikuopa, Bwana Nduna, ndipo ndakwiya, ngakhale ndikudziwa kuti munthu wa msinkhu wanga saloledwa kukwiyira munthu wa msinkhu wanu.

Koma lero m'mawa Mulungu wanditsegula maso. Pakhoma loyang'anizana ndi benchi ino pali chithunzi cha tsiku limene munadzapereka mapanelowa. Mwagwira panelo imodzi, inuyo pakati, akuluakulu ena asanu ndi atatu m'mbali mwanu, phewa pa phewa, zotseka pakamwa zili pachibwano kuti kumwetulira kuoneke. Kumapeto kwenikweni, akuomba m'manja, ndamuzindikira bambo wa tepi uja. Palibe amene analandidwa makwerero tsiku limenelo. Ndiye ndazindikira kuti m'dziko muno alipo munthu mmodzi amene akhoza kugwira panelo ndi munthu wa nyumba ina, lamulo osadandaula, ndiponso ntchitoyi anaiyeserapo kale.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Bwerani mudzandigwirire mbali inayo. Panelo imodzi imalemera makilo makumi awiri, anu ndi khumi okha, ndipo mbali yolemera ya pamakwerero ndidzatenga ine. Muvale nsapato zosaterera. Wojambula zithunzi abwere, malo padenga alipo. Ngati mwatanganidwa, tumizani kapepala ka mizere iwiri kolola mlonda wa pageti kuti akhale inuyo kwa tsiku limodzi ndi theka.

Adokotala ati mmene zikuyenderamu, alamu akhoza kupirira kuzima kwa magetsi kawiri, mwina katatu. Mukachedwa kuposa apo musadzivute, Bwana, ndipo musadziimbe mlandu. Padzakhala katundu wina wonyamula kuchoka m'khonde lomweli. Alamu ndi munthu wamtali, ndipo kalipentala wandiuza kuti bokosi lawo lingakhale mamita awiri ndendende. Limenelo ndidzanyamula ndi mlonda, iye uko ine uku, ndipo lamulo lanu silidzaphwanyidwa ngakhale ndi sentimita imodzi.

Ine wanu wogwada pa malata,

Mmisiri wa sola,
pa benchi yachiwiri kuchokera kuchitseko cha odwala chifuwa.